Mbale imodzi, amphaka atatu

Kolido ya nyumba yathu ndi yopapatiza, moti anthu awiri akakumanapo wina amayenera kupendekeka kuti mnzake adutse. Kumapeto kwake kuli bafa, ndipo pafupi ndi chitseko cha bafalo ndi pamene ndinkaika beseni la mchenga loti amphaka azidzithandiziramo usiku tikatseka zitseko. Kwa miyezi itatu yathunthu, madzulo alionse, Thobwa ankagona pakati pa kolidoyo. Ankangoti thapsa, miyendo yakutsogolo ataipindira pansi pa chifuwa, maso atatsinzina pang'ono. Sankalira, sankakanda aliyense. Ine ndikamadutsa ndi ndowa ya madzi ndinkachita kumudumpha, n'kumati mumtima, koma mphaka uyu ndiye wofatsa.

Kumene kolidoyo imakumana ndi balaza kunkakhala Bonya. Iyeyu sankagona. Ankakhala tsonga, mchira atauzunguliza kumapazi, nkhope italoza kubafa. Akangosuntha phazi limodzi, Thobwa ankatsegula maso n'kumuyang'ana dwii. Basi, palibenso china. Bonya ankatembenuka, kunyambita phewa lake kawiri katatu mofulumira, n'kubwerera kukakwera pamwamba pa kabati. Zimenezi ndinaziona ndi maso angawa tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti pamenepo mphaka wina akumutsekera mnzake njira ya kuchimbudzi.

Tikukhala ku Zomba, m'nyumba ya lendi yokhala ndi kachipinda kosungiramo matumba a chimanga amene amayi amatitumizira kuchokera kumudzi akakolola. Chaka china makoswe anatilowerera. Matumba kuboola, sopo kudya, usiku kuthamangitsana m'siling'i mpaka tulo kubalalika. Mankhwala a makoswe ndinkawaopa chifukwa mwana wanga anali akukwawa, chilichonse chapansi n'kuponya mkamwa. Ndiye mnzanga wa kutchalitchi anandipatsa kamphaka kakakazi kotuwa, tinakatcha Phulusa. Phulusa anagwira ntchito yake, ndipo chisanathe chaka anaswa ana anayi m'katoni ya sopo kuseri kwa matumba aja. Atatu tinagawa. Kachinayi kanali koonda, aliyense wobwera kudzasankha ankakadumpha, n'chifukwa chake tinakatcha Bonya. Kanatsala ndi make. Pambuyo pake onse awiri tinakawatseketsa kwa dokotala wa ziweto, popeza bere la mphaka limangotenga miyezi iwiri ndi masiku ochepa, ndipo kamwana kakakazi kangathe kutenga bere kasanakwanitse n'komwe miyezi isanu ndi umodzi.

Kwa zaka zitatu ndinkaona mayi ndi mwana ameneyu, n'kumayesa kuti amphaka onse amakhala choncho. Akakumana pakhonde m'mawa, aliyense ankaimika mchira chilili, nsonga yake itapindika pang'ono ngati chogwirira cha ambulera. Ankagundanitsa mphuno, kenako Bonya ankakhula tsaya lake patsaya la make, n'kupitiriza ndi nthiti yonse mpaka michira kupiringizana. Mu Juni ndi Julayi, mphepo ya kuphiri ikamalowera pansi pa chitseko, ankagona m'dengu limodzi atakolekerana moti sukanadziwa kuti mwendo uwu ndi wa yani.

Mchira woimika uja ndinkauona ngati kukongola chabe. Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti ndi moni. Mayi wina wofufuza za khalidwe la nyama pa yunivesite ya Southampton ku England, Charlotte Cameron-Beaumont, anakonza zithunzi zakuda za mphaka, zina mchira uli m'mwamba, zina uli pansi, n'kuziika poti amphaka enieni azione. Amphakawo ankafulumira kuyandikira chithunzi cha mchira woimika, nawonso atakweza yawo, pamene kwa chinacho ankazengereza. Ndiye kuti mphaka amakhala atanena kale kuti ndabwera mwamtendere asanafike n'komwe pamene pali mnzake. Ndikanadziwa zimenezi nthawi imeneyo, ndikanazindikira kuti miyezi yonse ija Bonya sanamuimikirepo mchira Thobwa ngakhale kamodzi.

Thobwa anali wa aneba athu a kuseri kwa mpanda. Atasamuka chifukwa cha ntchito anamusiya, ndipo nyumbayo inakhala miyezi yopanda munthu. Anali wamphongo, wamkulu kale, wa mutu waukulu, ubweya wake wofiirira motuwa ngati thobwa. Mvula ya mu Januwale itakula tinkamuona atabisala pansi pa denga la chimbudzi chapanja, atanyowa, nthiti zikuwerengeka. Mwana wanga, amene tsopano anali ndi zaka zisanu, anandigwira chitenje n'kunena kuti, "Amayi, tingomulowetsa, azikhala ndi anzake." Mawu akuti anzakewo ndinangowalandira osawaganizira. Ndinamunyamula mphakayo, n'kukamutula pakati pa balaza pamene panali Phulusa ndi Bonya.

Phulusa anakunga msana, ubweya wonse n'kuimirira, mchira n'kufufuma ngati tsache, n'kutulutsa mpweya kuti haaa ngati njoka. Bonya anangoti zyuu, ulendo wa pamwamba pa kabati. Masabata awiri kunali kulirirana usiku, kuthamangitsana, makapu kugwa. Kenako m'nyumba munati zii. Ndinawauza bambo a kunyumba kuti basi, azolowerana.

Ndipo ndinachita chinthu chimene kwa ine chinali chikondi chenicheni. Kwathu mlendo sadyera payekha. Ndinakulira m'banja limene ana tonse tinkazungulira mbale imodzi ya nsima ndi imodzi ya ndiwo, ndipo mwana amene wapatsidwa kambale kakekake ankadziwa kuti mwina akudwala kapena walakwa. Anthu amene akangana, akadyera limodzi timati nkhani yatha. Ndiye ndinatenga mbale yaikulu yachitsulo, kuikamo usipa wosathira mchere wosakaniza ndi kansima pang'ono, n'kuwaitana onse atatu kukhitchini. Bonya akatsalira kukhomo ndinkachita kumunyamula n'kumuika pambali pa Thobwa. Ankadya. Ankameza mothamanga, makutu atawatembenuzira kumbali, n'kuchoka mbale ikadali ndi chakudya. Ine poona mitu itatu m'mbale imodzi mtima unkakhala m'malo.

Mu Epulo ndinayamba kupeza mikodzo m'malo osayenera. Ina inali pakhoma ndi pachitseko, yonunkha kwambiri, ndipo ndinamugwira Thobwa akuchita: ataima, mbuyo ataloza kukhoma, mchira uli njenjenje. Umo ndi m'mene mphaka wamphongo wosafula amaikira chizindikiro pamalo. Koma ina inali pansi, pa zovala zodikira kuchapa ndi pathumba la chimanga, timadontho tochepa. Ameneyo anali Bonya. Ndinamukalipira, tsiku lina mpaka ndinamukwapula ndi kansalu, ndipo zimenezo zimandipwetekabe mtima. Patapita masiku ndinamuona atanjuta pa thaulo loyera, akukankha nthawi yaitali, akulira pang'onopang'ono. Atachokapo panatsala kadontho kofiirira. Nditamutembenuza ndinapeza kuti mimba yake yonse ndi mkati mwa ntchafu mulibe ubweya, anali atadzinyambita mpaka khungu kuonekera.

Dokotala wa ziweto atamupima sanayambe ndi mankhwala. Anayamba ndi mafunso.

"Mayi, kunyumba kuli amphaka angati?"

"Atatu, adokotala."

"Mabeseni a mchenga?"

"Limodzi."

"Lili pati?"

Ndinawafotokozera za kolido ija. Anafunsa ngati pali mphaka amene amakonda kugona panjirapo. Ndinati eya, koma ndi wofatsa, samenya mnzake, ndewu inatha kalekale mu Febuluwale.

"Amphaka omenyana sandidetsa nkhawa kwambiri," anatero adokotalawo, "chifukwa mwini wake amamva phokoso n'kuchitapo kanthu. Amene amafika kuno atadwala ndi awa ongoyang'ananawa."

Anandifotokozera kuti chikhodzodzo cha mphaka chimatha kutupa popanda tizilombo tiliponse, chifukwa cha nkhawa yokhalitsa basi. Mphaka amene akuopa kupita kumchenga amasunga mkodzo, amene akuopa kupita kumadzi amamwa pang'ono, mkodzo n'kukhala wokhathamira, ndipo zonsezi zimaonjezera moto. Anati Bonya ali ndi mwayi kuti ndi wamkazi. Kwa wamphongo njira ya mkodzo ndi yopapatiza, imatha kutsekekeratu, ndipo mphaka wamphongo amene akukankha osatulutsa kanthu ndi wofunika kuthamanga naye tsiku lomwelo, apo ayi amafa m'masiku ochepa. Bonya anagona komweko usiku umodzi.

Chimene chinachitika titabwera naye m'mawa mwake ndi chimene chinanditsegula maso kuposa mawu onse a dokotala. Ndinatsegula dengu pabalaza. Bonya anatuluka pang'onopang'ono ndi ululu, ataona make anakweza mchira, n'kulunjika kwa iye monga mwa masiku onse. Phulusa anatambasula khosi, kununkhiza kamodzi, n'kuima. Anatsegula pakamwa pang'ono, mlomo wam'mwamba utakwinyika, maso ali gwa, ngati munthu amene walawa chinthu chosachidziwa. Kenako makutu anagona, n'kumuchitira mwana wake haaa yemwe uja anamuchitira Thobwa tsiku loyamba, n'kumuwomba pamphuno. Mwana amene anamuswa yekha m'katoni, amene anagona naye m'dengu limodzi zaka zitatu, amene anangochoka usiku umodzi wokha. Bonya anabwerera chambuyo, mchira ukutsika pang'onopang'ono mpaka kukhudza simenti. Mwana wanga anayamba kulira. "Amayi, Phulusa wamuiwala Bonya?"

Sanamuiwale. Bonya anabwera akununkha mankhwala, manja a anthu achilendo, agalu a m'zipinda zoyandikana, ndiponso mantha ake omwe. Maso a Phulusa ankaona mwana wake, koma mphuno inkamuuza kuti uyu ndi mlendo, ndipo kwa mphaka mphuno ndi imene imagamula. Kutsegula pakamwa kuja n'kukokera fungo ku kachiwalo kamene kali kudenga la mkamwa, kuseri kwa mano am'mwamba, komwe amphaka amalawira fungo la anzawo. M'masaya, pachibwano, pamphumi pafupi ndi makutu, m'mapazi ndi patsinde la mchira ali ndi tinthu totulutsa fungo limene ife sitilimva. Kukhulana kwa m'mawa kuja, kugona mokolekerana kuja, kunyambitana kuja, ndi ntchito yosakaniza fungo kuti onse a gulu limodzi azinunkha mofanana. Ife timati chibale ndi fupa, sichiola. Cha amphaka chimakhala paubweya, ndipo chimafunika kuchipakanso tsiku lililonse.

Ndinaimbira adokotala aja. Anati ndiwalekanitse, nditenge kansalu kofewa ndipukute masaya a Phulusa, n'kukapukutira Bonya, ndiponso ndimugoneke pa chitenje cha m'dengu lawo lija. Ndinachita zimenezo m'mawa ndi madzulo. Tsiku lachitatu Phulusa anamununkhiza kuyambira kumphuno mpaka kumchira, nthawi yaitali, kenako anamugwira mutu ndi dzanja limodzi n'kuyamba kumunyambita kuseri kwa khutu. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuganiza za Thobwa. Ngati usiku umodzi wokha unakwanira kusandutsa mwana kukhala mlendo kwa make, nanga mphaka wamphongo wamkulu wonunkha ngalande ndi mipanda ya eni, amene ndinangomutula pakati pa balaza lawo, ankamuona ngati ndani?

Sabata yomweyo amayi anabwera kuchokera kumudzi ndi matumba a chaka chimenecho. Madzulo anandiona ndikutulutsa mbale yachitsulo ija, n'kufunsa kuti onse atatu amadyera momwemo? Nditavomera anapukusa mutu.

"Mwanangu, mphaka ndi vumbwe wa pakhomo. Unayamba wamuonapo vumbwe akuyenda ndi mnzake?"

Amayi sanawerengepo buku la sayansi, koma akatswiri amanena zomwezo. Mphaka wa pakhomo anachokera ku mtundu wa vumbwe wotchedwa Felis lybica, makamaka wa kumpoto kwa Africa ndi ku Middle East, m'bale wake wa vumbwe amene amagwira nkhuku kumudzi kwathu. Vumbwe amakhala yekha, amasaka yekha, amadya yekha. Anayandikira anthu pamene anthu anayamba kulima ndi kusunga mbewu, chifukwa posungira mbewu pamadzaza makoswe, ndendende m'mene Phulusa anabwerera kwathu. Pa chilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 zapitazo momwe munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Zaka zimenezi zikuoneka zambiri, koma sizinasinthe kadyedwe kake. Galu anachokera ku mimbulu, yosaka m'magulu n'kudyera limodzi nyama yaikulu. Chakudya cha mphaka ndi khoswe mmodzi, buluzi mmodzi, chiwala chimodzi, ndipo zimenezi sizigawika. Amagwira kamodzi, kukadyera pobisika, kupuma, kusakanso, mwina mpaka kakhumi pa tsiku. Kumuika mutu m'mbale imodzi ndi mphaka amene sagwirizana naye sikumuphunzitsa chibale. Amadya chifukwa njala yamukakamiza, mtima uli m'mwamba.

Ndinawafunsa amayi kuti nanga bwanji Phulusa ndi Bonya amagona limodzi. Anandikumbutsa amphaka awiri a agogo, apachibale, amene anaswa mwezi umodzi n'kusonkhanitsa ana onse m'lichero lakutha pansi pa nkhokwe. Wina akapita kosaka, mnzake ankatsala akuyamwitsa onse osasankha kuti uyu ndi wanga. "Aakazi amakhala pa make ngati mbumba," anatero amayi, "aamuna ndiwo amangobwera n'kumapita." Anaonjeza kuti mphaka wachilendo akayandikira nkhokweyo, awiriwo ankamuthamangitsa mpaka kudambo. David Macdonald wa ku yunivesite ya Oxford, amene anatsatira amphaka a pafamu ku England, anapeza zofanana: pamene chakudya chilipo chokwanira, aakazi apachibale amapanga gulu, kulera ana pamodzi, ngakhale kuthandizana poswa. Choncho kunena kuti mphaka sakonda mnzake n'kulakwitsa. Amakonda, kwambirinso, koma gulu lake limayambira kubadwa ndi kukulira limodzi, ndipo wobwera atakula kale salowamo chifukwa choti mwini nyumba wamumvera chisoni.

Kumudzi mlendo wothamangitsidwa amapita kudambo, nkhani n'kutha. M'nyumba ya zipinda zitatu yotseka usiku palibe kothawira. Thobwa sanali woipa mtima. Anali atakhala miyezi ndi njala, ndipo atapeza malo a chakudya ndi ofunda anagona pamene njira zonse zimadutsa, kumene angaone chilichonse. Phulusa, wolimba mtima, ankangomulumpha. Bonya, amene chibadwire ndi wamantha ndipo pabwalo safika patali kuyambira pamene galu wina anamuthamangitsa, anatsekeredwa pamwamba pa kabati.

Tinayambiranso pachiyambi, ngati Thobwa wangofika kumene. Tinakamufulitsa n'kumubayitsa katemera wa chiwewe, kenako tinamuika m'chipinda cha chimanga chija ndi mbale yake, madzi ake, mchenga wake ndi katoni yogonamo. Masabata awiri sanaonane ndi anzakewo. Mwana wanga ndiye anali mwini ntchito ya kansalu: kupukuta masaya a Thobwa n'kukasiya kansaluko pabalaza, kupukuta a Bonya n'kukasiya kuchipinda kwa Thobwa, osakakamiza aliyense kununkhiza. Masiku oyamba Bonya ankakazungulira patali. Atayamba kukapondaponda osalabada, tinayamba kusinthanitsa malo: Thobwa kuyendayenda m'nyumba ola limodzi aakaziwo ali kukhonde, kenako iwo kukanunkhiza m'chipinda mwake iye kulibe. Pambuyo pake tinatsegula chitseko mpata wa chala chimodzi, mwala uku mwala uku, kuti azionana osakhudzana. Tsiku lina ndinafulumira, ndinatsegula chonse chifukwa zinkaoneka kuti zikuyenda. Thobwa anamuthamangitsa Bonya mpaka kukabati, ndipo tinabwerera mmbuyo sabata yathunthu. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbale yachitsulo ija inabwerera ku ntchito ya anthu. Tsopano pali timbale titatu m'malo atatu osaonana: kukhitchini, kukhonde la kuseri, ndi pamwamba pa kabati pa Bonya. Madzi ali pawiri, kutali ndi chakudya. Za mchenga adokotala anati lamulo lake ndi beseni la mphaka aliyense kuonjezapo limodzi, ndiye kwa ife anayi. Nyumba yathu siingakwane anayi, tinaika atatu, koma chofunika kwambiri n'chakuti asandandalikane malo amodzi, chifukwa mabeseni atatu oyandikana mphaka mmodzi angathe kuwatchinga onse atagona pamodzimodzi. Kumapeto kwa kolido sitinaikekonso kanthu. Bambo a kunyumba anakhomera thabwa kukhoma la pabalaza kuti kuchoka pakabati Bonya azitha kufika pawindo osatsika pansi, ndipo makatoni obisalamo tinawaboola mbali ziwiri kuti wina akatsekera khomo ili pakhale potulukira pena. Kukodzera makoma kwa Thobwa kunatha patangopita masabata ochepa atafulidwa. Kugona panjira sanasiye, koma kunalibenso mphamvu, poti kumene ankatchingako kunalibe chimene wina akuchifuna.

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti Thobwa anadzapeza mnzake mwa Phulusa, yemwe uja anamulandira ndi haaa. Tsiku lina mu Seputembala ndinawapeza pakhonde atagwirana, akugubuduzana, Phulusa ali pansi akumupalasa pamimba ndi miyendo yakumbuyo. Ndinathamangira chikatoni choti ndiike pakati pawo, poti amphaka omenyana sulowetsapo dzanja, bala la mano awo limatukusira msanga. Koma ndisanafike ndinaona kuti palibe akulira. Zikhadabo zinali zobisa. Anasiyana, aliyense kuyang'ana kumbali ngati palibe chachitika, kenako Thobwa ndiye anadzigwetsa chagada, Phulusa n'kumudumphira. Ankasinthana. Mu 2023 ofufuza a ku Slovakia ndi ku Britain, motsogozedwa ndi Noema Gajdoš-Kmecová, anaonera mavidiyo 105 a amphaka 210, ndipo anapeza kuti kulimbana kogwirana thupi chotere, kosinthana, kopanda phokoso, nthawi zambiri ndi masewera, pamene kulira ndi kuthamangitsana ndiko kumaonetsa udani. Anapezanso gulu lapakati, pamene masewera amatha kusanduka mkangano wina akatopa mnzake akufunabe. Zimenezo ndimaziona kwathu. Phulusa ndi wamkulu, amatopa msanga, ndipo mchira wake ukayamba kumenya pansi kuti phaphapha ndimadziwa kuti yakwana nthawi yoponya kachingwe kumbali kuti Thobwa atembenukire kumeneko.

Ngakhale kunyambitana kwawo kuli ndi mbali ziwiri. Pali kona ina ya khonde imene dzuwa la m'mawa limayambira kufika. Thobwa akafikapo msanga, Phulusa amabwera mchira uli m'mwamba, n'kuyamba kumunyambita pamutu. Thobwa amatsinzina, kupereka khosi. Lilime limatsika kuchoka pakhutu kupita pakhosi, kunyambita kukulirakulira mphamvu, dzanja la Phulusa litamupanikiza paphewa, kenako mwadzidzidzi amamuluma pang'ono pakhosi pomwepo. Thobwa amadzuka, kudzikung'untha, n'kusuntha. Phulusa amagona pofunda paja. Ruud van den Bos wa ku Netherlands analemba mu 1998 kuti amphaka amanyambitana makamaka pamutu ndi pakhosi, kuti wonyambita kawirikawiri amakhala amene ali ndi mphamvu pa mnzake, ndipo pafupifupi kamodzi pa katatu kunyambitanako kumakhala ndi kaukali mkati. Ine sindikuona kuti zimenezi zikuchotsa chikondi. Ndi njira imene awiri ogwirizana amathetsera nkhani ya malo popanda kung'ambana makutu, ndipo masana omwewo ndimawapeza atagona misana itagundana.

Anthu akamva kuti ndili ndi amphaka atatu, ena amafunsa kuti onsewo a chiyani, ena amandiyang'ana mokayikira chifukwa cha zimene timamva zokhudza amphaka ndi usiku. Koma amene amandikhudza ndi amene amati mphaka wanga akuoneka wosungulumwa, ndikufuna ndimupezere mnzake. Ndimawauza mosabisa kuti ngati mukufuna awiri, tengani awiri a mimba imodzi akadali ana, kapena mayi ndi mwana wake. Mphaka wamkulu amene wakhala yekha zaka zambiri, akudya bwino, akugona chagada pabalaza, musiyeni, nyumbayo ndi yake ndipo sakudandaula. Ngati mwatola wina chifukwa cha chifundo, monga ndinachitira ine, chifundocho chifike kwa amene munamupeza kale m'nyumba. Ndipo mukayesa zonse miyezi ingapo wina n'kumakhalabe pamwamba pa kabati, kumupezera mmodzi wa iwo khomo lina labwino si nkhanza. Ineyo ndinali nditawauza kale amayi kuti zikakanika Thobwa adzapita kukalondera nkhokwe kumudzi.

Sizinafike pamenepo. Bonya ndi Thobwa sanakhale mabwenzi, ndipo ndinasiya kuyembekezera zimenezo. Sananyambitanepo, sanagonepo m'dengu limodzi. Mwana wanga ndiye anazindikira m'mene amakhalira. "Amayi, mpando wa pawindo m'mawa ndi wa Bonya, tikaweruka kusukulu ndi wa Thobwa." Nditatchera maso ndinapeza kuti n'zoona, ndipo khonde la kuseri nalonso analigawana motero. Penny Bernstein, amene mu 1996 analemba za amphaka 14 okhala m'nyumba imodzi ku America, anaona zomwezi, kuti amphaka amatha kugwiritsa ntchito malo amodzi pa nthawi zosiyana. Palibe anawagawira. Amanunkhiza, kudziwa kuti mnzawo anali pano ndipo wachoka liti, n'kudikira nthawi yawo.

Dzulo madzulo magetsi atazima tinakhala pakhonde ndi mbaula. Thobwa anagona pamkeka, pakati penipeni pa njira yochokera pakhomo kupita pamene pali kambale ka madzi. Bonya anatulukira pakhomo n'kuima. Ubweya wa pamimba pake unameranso wonse, woyera kuposa kale. Ndinasiya kusenda mbatata n'kumayang'ana. Thobwa anadzutsa mutu, anamuona, n'kuphethira pang'onopang'ono, kenako anatembenuzira nkhope kumpanda ngati kumeneko kuli chinthu chofunika kwambiri. Bonya anadikira pang'ono. Anayenda m'mphepete mwa mkeka, mchira uli mowongoka kumbuyo, osakwera osatsika, n'kudutsa pafupi moti ndevu zake zikanatha kukhudza phazi la Thobwa. Anafika pamadzi, anawerama, n'kumwa nthawi yaitali, msana atamulozetsa Thobwa.